Ma app oodera katundu wa mushopu, ndisiyiretu kupita kuholoselo?

Mai_Pakona
Abale anzanga a geni ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kashopu kakang'ono ka zinthu za tsiku ndi tsiku izi, sopo, shuga, mafuta ophikira, machesi, matewera a ana, zakumwa. Zaka 6 zonsezi ndakhala ndikupikula kuholoselo imodzi, kawiri pa sabata ndimatseka shopu mmawa kupita kukaoda, pobwera ndi masana nditatopa kale, thiransipoti ndalipira, wonyamula ndalipira. Miyezi itatu yapitayo kunabwera mnyamata wa kampani ina ya ma app oodera katundu, anandiikira pafoni akuti amayi muziodera pompano katundu azikupezani pakhomo mawa lake, kubweretsa ulere. Zoona mwezi woyamba zinayenda bwino moti ndinkauza aliyense. Koma pano zayamba kundidetsa nkhawa. Sabata yatha ndinaoda makatoni 4 a sopo anabwera 2, mafuta sanabwere n'komwe, galimoto inafika 4 koloko madzulo m'malo mwa mmawa. Mitengo nayo ikumasintha, usiku uona wina, kukacha wina. Ndiye dzulo anditumizira uthenga kuti ndayenerera kutenga katundu pangongole ndizibweza pakatha masiku 7. Kodi nditenge ngongoleyo n'kusiyiratu kuholoselo kuja? Amene mwagwiritsa ntchito nthawi yaitali ndiuzeni zoona zake, zonena ma ejenti ndamva kale.

Chenji_Palibe
Musasiye kuholoselo mayi. Ngongoleyonso isiyeni kaye.

Tsogolo22
A Chenji fotokozani chifukwa, munthu wafunsa kuti amve. Ine ndatha chaka ndi theka ndikuodera pa app ndipo sindikuona zobwerera mmbuyo. Kale ndikatseka shopu theka la tsiku makasitomala ankapita kwa mnzanga wa kuseri, ndipo kasitomala akapeza chitseko chotseka kawiri katatu amazolowera komwe wapita, sabweranso. Ndalama imeneyo sitiiwerengera chifukwa siioneka ndi maso. Pano ndimaoda usiku nditatseka, kope langa lili pamwendo, ndikuona chomwe chatsala pang'ono. Zoti katundu amabwera woperewera nthawi zina sindikana, koma kuholoselo nakonso umafika n'kukuuza kuti shuga watha, thiransipoti utalipira kale.

Chenji_Palibe
Kuholoselo akakuuza kuti watha umalowa khomo lotsatira n'kugula. Pa app umadziwa kuti sanabwere dzuwa likulowa, shelefu ili mbee, mawa Loweruka.

Mai_Pakona
Ndi zomwe zinandichitikira ndendende. Linali Lachisanu, mafuta ndinakhala osagulitsa mpaka Lolemba, anthu kumangobwerera pakhomo.

Dalaivala_Wakale
Mayi ndiyankheko ine, ndinayendetsapo galimoto ya kampani ya mtundu umenewu zaka ziwiri, dzina sinditchula. Zimene mumaona pafoni ndi zimene zili mu kompyuta, osati zimene zili pansi mu depoti. Kompyuta ikhoza kunena kuti sopo alipo makatoni 50 pamene ena ananyowa, ena anapakiridwa mu galimoto ina molakwika, ena wina anaoda mphindi yomweyo ndi inu. Maoda amatsekedwa usiku, anyamata amapakira m'bandakucha, akafika pa oda yanu n'kupeza atsala 2 amangoika 2 omwewo kuti galimoto inyamuke.

Za kuchedwa nazo ndikuuzeni. Ine ndinkanyamuka ndi mashopu 30 kapena kuposa pa pepala. Shopu iliyonse kuti utsitse, mwiniwake awerenge, alipire, ndi mphindi 10 zikayenda bwino. Koma umafika n'kupeza mwini shopu kulibe wasiya mwana ndalama wapita nazo, wina akuti sizikukwana dikirani ndigulitse kaye, wina netiweki ikuvuta ndalama za pafoni sizikudutsa, wina wasintha maganizo akuti theka bwererani nalo. Amene ali kumapeto kwa ndandanda ndi amene amalandira 4 koloko. Funsani dalaivala kuti dera lanu amayambira mbali iti. Katundu amene mukudziwa kuti kumapeto kwa sabata amayenda muziodera Lachiwiri kapena Lachitatu kuti akalephera mukhale ndi tsiku lothamangira kwina. Ndipo chonde musasaine musanawerenge. Ife tinkakhala pa changu, tinkati amayi sainani tikonza mawa, koma mukasaina kuti mwalandira zonse ku ofesi amakhulupirira pepala, osati pakamwa panu.

Sikelo
Apa mwanena a Dalaivala. Ine ndinaphunzira movutika. Katoni ya mafuta inabwera yomata bwinobwino ndi tepi, pansi pokha panali ponyowa pang'ono, ndinkayesa ndi madzi a mu galimoto. Nditatsegula usiku mabotolo awiri anali ong'aluka pachivindikiro, mafuta atayenderera katoni yonse, malebulo a enawo atamatuka moti kasitomala ankawayang'ana n'kubweza. Ndinajambula n'kutumiza, anandiyankha patatha masiku atatu kuti munasaina. Pano ndimasunga kampeni kodulira tepi pa kauntala, katoni iliyonse ndimaitembenuza kuona pansi n'kuitsegula dalaivala ali pomwepo, mkaka wa ufa ndi mabisiketi ndimaona deti. Ena amakwiya koma mpamba ndi wanga.

Dalaivala_Wakale
Mukuchita bwino a Sikelo. Kungoti ndalama muzikonzeratu zikhale m'manja, nthawi yomwe mwatenga potsegula makatoni mumubwezere polipira. Dalaivala akabwerera ndi katundu wosatsitsa nayenso amafunsidwa.

WaHoloselo
Ndikudziwa kuti pa nkhani ngati iyi ife opikulitsa timaoneka ngati achikale, koma ndilankhuleko. Ndagulitsa holoselo zaka zambiri. Pali amayi ndi abambo amene ndinawaona akuyamba ndi dazeni imodzi ya sopo lero ali ndi mashopu awiri. Akadwalika kunyumba kapena kwagwa zovuta amabwera n'kundiuza kuti akulu sabata ino zandivuta, ndimawapatsa katundu osalemba chiwongoladzanja, adzabweza akapeza. App singamve zimenezo, tsiku likakwana lakwana. Chachiwiri, mitengo ina yomwe ndaona pa ma app ndi yotsika kuposa yomwe ine ndimagulira kufakitale. Munthu sangagule katundu, kulipira depoti, dalaivala, mafuta a galimoto, n'kukubweretsera ulere pamtengo wotsika choncho n'kumapeza phindu. Pali wina amene akulipira kusiyanako, ndipo tsiku lomwe adzatope mudzatifuna. Vuto ndi loti ena mwa ife tidzakhala titatseka.

Tsogolo22
A WaHoloselo inuyo mwina ndinu abwino, koma si onse. Ine komwe ndinkapikula mtengo unkatengera nkhope. Wa shopu yaikulu mtengo wina, ine wa makatoni awiri mtengo wina, ndipo ukafunsa lisiti amakuyang'ana ngati wawatukwana. Katundu akamasowa amabisira anzawo. Pa app mtengo ndi wolembedwa, ndimauona ndisanatulutse ndalama, ndikhoza kuyerekeza ndi kwina ndili khale.

WaHoloselo
Zimenezo zilipo, sindingakane. Alipo anzathu amene anaononga okha ubale ndi makasitomala.

Mphunzitsi_Wopuma
Zomwe akunena a WaHoloselo zoti pali wina akulipira zili ndi umboni. Ndimatsatira nkhani za makampani amenewa chifukwa mwana wanga ndi amene amayendetsa shopu yathu ndipo amaodera pafoni. Ku Kenya kunali kampani ya Sokowatch, mu 2022 inasintha dzina kukhala Wasoko italandira madola 125 miliyoni kuchokera kwa anthu oika ndalama m'mabizinesi. Inafalikira m'maiko angapo, koma sipanapite nthawi yaitali inayamba kubwerera mmbuyo, ku Senegal ndi ku Côte d'Ivoire inachoka, ku Uganda ndi ku Zambia inaimitsa ntchito mu 2024, chaka chomwecho n'kuphatikizana ndi MaxAB ya ku Egypt. Ina ya ku Kenya komweko, MarketForce, inatseka app yake ya RejaReja mu 2024 ndipo eni ake ananena okha kuti phindu pa katundu wotereyu ndi lochepetsetsa. Twiga Foods, yomwe inayamba mu 2014 ndi kuperekera nthochi kwa ogulitsa a ku Nairobi, inachotsa antchito ambiri mu 2023. Ku India kuli Udaan yomwe inayamba mu 2016, yaikulu zedi, nayo inachotsa antchito mu 2022.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa munthu wa shopu. Inu nomwe mukudziwa kuti pa shuga ndi sopo phindu ndi kachidutswa. Wopikulitsa ndiye amapeza kachidutswa kochepa kuposa kanu, amadalira kuchuluka. Tsono onjezanipo galimoto yoyenda khomo ndi khomo kutsitsa makatoni atatu atatu. Nthawi yomwe ndalama za oika m'mabizinesi zinali zambiri ankatseka dzenjelo ndi ndalama zimenezo kuti akope mashopu. Kuyambira 2022 chiwongoladzanja chitakwera ku America ndalama zija zinayamba kuvuta, oika ndalama anayamba kufunsa phindu. Ndi pomwe mumaona oda yochepetsetsa yomwe amalola ikukwezedwa, mitengo ikufanana ndi ya kuholoselo, madera ena akusiyidwa, ndipo ngongole ikukankhidwa kwambiri chifukwa pa ngongole ndi pamene pali phindu looneka. Sindikunena kuti ma app ndi oipa ayi, mwana wanga amapuma nawo. Ndikunena kuti tawaona akuchoka m'madera momwe anali, ndiye nambala ya wopikulitsa wanu wakale musafufute.

WaHoloselo
Zikomo aphunzitsi. Ku India komweko ndinawerenga kuti kumapeto kwa 2021 ogawa katundu anaopseza kusiya kugulitsa zinthu za makampani akuluakulu podandaula kuti JioMart, app yaikulu yooderapo katundu, ndi anzake akugulitsa kwa mashopu motsika kuposa momwe iwo angathere. Ndiye kulira kwathu si kwa ife tokha.

Mayi_a_Mapasa
Ine ndikumva zonse koma ndinene mbali yanga. Ndili ndi ana awiri ang'onoang'ono, bambo awo amagwira ntchito kutali. Kupita kukaoda kwa ine kunali kudzuka usiku, kupempha munthu wondisungira ana, ndalama zonse za sabata kuzimanga m'chiuno n'kumayenda mtima uli m'mwamba. Tsiku lina anandisolola kachikwama pokwera galimoto, mwamwayi zambiri zinali m'chiuno muja, koma ndinafika kunyumba miyendo ikunjenjemera. Chiyambireni kuodera pafoni sindiyendanso ndi mpamba wonse panjira. Ngakhale mtengo utafanana ndi wa kuholoselo, ngakhale utakwera pang'ono, ine ndiziodabe. Amuna ena pano simungamvetse kuti katoni ya sopo kuikweza ndi kuitsitsa kanayi uli ndi mwana kumbuyo n'chiyani.

Sikelo
Mayi a Mapasa palibe angatsutse zimenezo. Pepani ndi zomwe zinakuonekerani.

Kope_ndi_Bolopeni
Tibwerere pa ngongole chifukwa ndi pomwe pali funso lenileni la a Mai_Pakona. Mayi, musanadine batani lovomera pezani zinthu izi, akudula zingati, amawerengera kuyambira tsiku looda kapena lolandira katundu, ndipo mukachedwa tsiku limodzi chimachitika n'chiyani. Ambiri satchula mawu oti chiwongoladzanja, amati ndi kandalama ka ntchito. Tiyerekeze akudula 2 pa 100 iliyonse pa masiku 7. Zikumveka zochepa eti? Koma chaka chili ndi masabata 52, mukamatenga sabata ndi sabata ndiye kuti pachaka mwalipira 104 pa 100. Onaninso ngati mtengo wa katundu pangongole ndi womwewo ndi wa kashi, kwina amaubisa mmenemo.

Tsogolo22
Masamu anu ndi olondola koma akuopseza munthu pachabe. Sitisunga katundu chaka chonse ife. Tiyerekeze zomwezo, akudula 2 pa 100, ine katunduyo ndamugulitsa m'masiku 4 ndi phindu la 8 pa 100. Ndatsala ndi 6 pa ndalama yomwe sinali yanga. Ndikanakana ngongole shelefu ikanakhala yopanda kanthu, phindu ziro, kasitomala wapita. Banki iti ingandibwereke ndalama ya makatoni asanu Lachiwiri usiku popanda chikole?

Kope_ndi_Bolopeni
Pa katundu wothamanga mukunena zoona a Tsogolo, ndipo inenso ndimatenga nthawi zina. Koma taonani, pa 8 paja 2 wapita, ndiye gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu lanu mukugwirira wina. Ngati ngongole ikuwonjezera katundu amene simukanakhala naye, zili bwino. Koma ambiri zimatha motere, mwezi woyamba amatenga kuwonjezera, mwezi wachitatu mpamba wawo uja walowa ku fizi ndi lendi, shopu yonse ikuyendera ngongole, katundu ndi wochuluka chimodzimodzi ngati kale koma pano sabata iliyonse akudulidwa. Ndiye akadzangotseka ngongoleyo kapena kuchepetsa malire, shopu imagwa tsiku limodzi. Chinanso, malire akakwezedwa mtima umafuna kudzaza shelefu ndi zinthu zogona, mafuta odzola okwera mtengo, zotsukira zachilendo, zomwe zimatha miyezi iwiri. Ngongole ya masiku 7 pa katundu wa miyezi iwiri ndi msampha.

Chenji_Palibe
N'chifukwa ndinati aisiye kaye. Kampani ikulephera kubweretsa makatoni 4 athunthu, ndiye ukatenge ngongole komweko? Masiku 7 akayamba kuwerengedwa katundu asanafike?

Mai_Pakona
Limenelo ndi funso labwino, sindinaliganizire. Ndimufunsa ejenti mawa andionetse polembedwa.

Dalaivala_Wakale
Komwe ndinkagwira ine zinkayamba tikadina kuti katundu watsitsidwa. Koma ngati wabwera woperewera onetsetsani kuti dalaivala wasintha nambala mu foni yake musanasaine, apo ayi ngongole ilembedwa ya makatoni 4 inu mutalandira 2, kukonzetsa kwake ndi ntchito.

AnkoloT
Mukukamba za ngongole ya kwa opikulitsa, nanga ya makasitomala athu? Ine chomwe chimandipha si app si holoselo, ndi kope la ngongole. Anthu apafupi, achibale, aneba, aliyense ndilipira kumapeto kwa mwezi. Mwezi ukatha amadutsira njira ina.

Mayi_a_Mapasa
Iii a Ankolo musayambe, langa ladzaza masamba. Chovuta n'choti ukamukaniza mneba mawa ndi yemweyo akusungire mwana.

Sikelo
Ine ndinaika malire, munthu aliyense ali ndi pomwe amalekezera, akafika pamenepo ndimamuonetsa tsamba lake mwaulemu. Achibale ndiye ndinawauza poyera kuti chotuluka mushopu chilembedwe ngakhale ndi machesi, ine mwini ndikatenga sopo wa kunyumba ndimalemba. Poyamba anadandaula, pano anazolowera.

AnkoloT
Achibale anu ndi omva. Anga akhoza kuitanitsa msonkhano wa banja.

Kope_ndi_Bolopeni
Nkhani ya a Ankolo si yapambali kwenikweni. Mukatenga katundu pangongole ya masiku 7 n'kumukongoza kwa munthu wolipira pakatha masiku 30, ndinu amene mukumulipirira chiwongoladzanja. Katundu wa ngongole azigulitsidwa kashi basi.

Netiweki_Yavuta
Pali china chomwe palibe watchula. Poika app ija inakufunsani zilolezo zanji? Zina zimapempha kuona manambala a mu foni, mauthenga, ndi malo omwe muli. Malo n'zomveka, galimoto ikupezeni. Koma manambala a abale anu akufuna atani? Lowani mu ma setting muone, zosafunika muzimitse. Komanso dziwani kuti chilichonse mukuoda chikulembedwa, amadziwa kuti dera lanu sopo uti amayenda, tsiku liti, mochuluka bwanji. Ngongole akukupatsaniyo aiwerengera kuchokera pa maoda anu a miyezi itatu. Zomwezo zimawathandizanso pokambirana ndi mafakitale. Ife timapereka ulere osadziwa kuti ndi chuma.

Tsogolo22
Kulembedwako kuli ndi ubwino wakenso. Ine ndikatsegula mbiri ya maoda ndimaona zomwe ndinagula mwezi uliwonse, mtengo wake, zonse. Kale malisiti ankathera m'thumba la thalauza n'kuchapidwa. Ndinazindikira kuchokera mmenemo kuti mabatire ndimaoda kawiri kuposa momwe ndinkaganizira ndipo ndi omwe ali ndi phindu labwino kuposa shuga amene ndinkalimbana naye.

Netiweki_Yavuta
Zoona, koma muzikopera mu kope lanu kapena kujambula. App ikadzatsekedwa mbiriyo ipita nayo.

Wa_Zakumwa
Musaphatikize onse mu thumba limodzi. Pali ma app a makampani apakati, amene amagula kufakitale n'kukugulitsani, ndiye pali a eni katundu okha. Kampani ya mowa ya AB InBev ili ndi yake yotchedwa BEES, inayambira ku Dominican Republic mu 2019 n'kufalikira maiko ambiri. Oterewa magalimoto anali nawo kale, ankabweretsa kale katundu, app yangolowa m'malo mwa munthu uja ankayenda ndi kabuku kulemba maoda. Amenewo sangatseke mawa chifukwa phindu lawo lili pa chakumwa chomwecho. Kuipa kwake mupezamo zambiri zawo zokha, ndipo amakukankha ndi mapointi kuti udzaze fuliji ndi zawo.

Sikelo
Zokankhazo ndiye zili paliponse. Ine anandiuza kuti sopo ali pa mtengo wotsika koma utenge limodzi ndi katoni ya juwisi watsopano. Sopo anatha sabata imodzi, juwisi uja mabotolo 9 ndinataya deti itakwana. Chikomekome cha nkuyu. Pano zophatikiza sindigula pokhapokha zonse ziwiri ndikuzidziwa kuti zimayenda.

Gulu_la_Asanu
Ife tinapeza njira ina. Oda yochepetsetsa itakwezedwa ena tinayamba kulephera kufikapo, ndiye tinagwirizana mashopu asanu oyandikana, tili ndi kagulu ka pa WhatsApp. Lolemba madzulo aliyense amalemba zomwe akufuna, mmodzi amaona mtengo pa ma app awiri, wina amaimbira kuholoselo. Komwe kwatsika ndi komwe timagula, katundu amatsikira pa shopu imodzi n'kugawana. Tikapita kuholoselo amapita munthu mmodzi, galimoto timasonkherana, ndipo poti oda ndi yaikulu amatichotserako. Lamulo lathu ndi limodzi, ndalama zitsogole, palibe kuoderana pangongole. Tinayamba tili 7, awiri anachoka pa nkhani yomweyo.

Tsogolo22
Mapanga awiri avumbwitsa abale. Ukamagawa maoda uku ndi uku kulikonse umaoneka kasitomala wamng'ono, malire a ngongole sakwera, kuholoselo nakonso sakuwerengera.

Chenji_Palibe
Pa geni phanga limodzi ndi lomwe limavumbwitsa. Likadontha uthawira kuti?

Gulu_la_Asanu
A Tsogolo mfundo yanu ndi yoona kwa munthu mmodzi, n'chifukwa chake tinaphatikizana. Asanu pamodzi kulikonse timaoneka aakulu.

WaHoloselo
Magulu otere ife timawalandira ndi manja awiri. Ndipo ndinene, inenso chaka chino ndayamba kulandira maoda pa WhatsApp, ndimatumiza mndandanda wa mitengo mmawa uliwonse, amene ali pafupi ndimawatumizira ndi njinga yamoto. Ma app atiphunzitsa kuti munthu wa shopu safuna kutseka chitseko. A Mai_Pakona kafunseni wopikulitsa wanu, zaka 6 si masewera, mwina akhoza kumakutumizirani.

Mai_Pakona
Kunena zoona ndikuchita manyazi kupitako, miyezi itatu osaoneka. Tsiku lina ndinakumana ndi mnyamata wawo anandifunsa kuti amayi tinakulakwirani chani.

WaHoloselo
Pitani mayi, palibe wa geni amakana kasitomala wobwerera. Muwauze zoona kuti kutseka shopu ndi thiransipoti ndi zomwe zinakuchotsani. Ine ndikanakonda kuuzidwa choncho kusiyana ndi kungoona munthu wasowa.

Kope_ndi_Bolopeni
Ndipo musanasankhe chitani izi kwa masabata awiri. Tengani zinthu 10 zomwe zimayenda kwambiri. Lembani mtengo wa pa app tsiku looda, lembani wa kuholoselo. Ku wa kuholoselo onjezani thiransipoti ndi wonyamula, mugawe pa makatoni omwe mumabwera nawo, muonjezenso phindu lomwe mumapeza pa theka la tsiku lomwe mumatseka. Ku wa pa app onjezani zomwe mwataya pa katundu amene sanabwere ndi wowonongeka. Mukatero simufunikanso maganizo a ife, kope likuuzani lokha.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndionjezepo kamodzi. Mukaona mtengo wasintha pakati pa usiku ndi mmawa, jambulani sikirini nthawi yomwe mukuoda. Mtengo womwe munavomera podina ndi womwe uyenera kukhala pa invoisi. Mwana wanga anabwezeredwapo ndalama chifukwa cha chithunzi chotero.

Mai_Pakona
Abale ndabweranso patatha masabata awiri ndi theka, ndinachita zomwe munandiuza. Kope lija landionetsa zomwe sindinkayembekezera. Pa zinthu 10, zisanu ndi chimodzi pa app zikutuluka zotsika ndikawerengera thiransipoti ndi kutseka shopu, makamaka zolemera ndi zodzaza malo ngati matewera ndi zakumwa. Koma mafuta ndi shuga kuholoselo kukutsikabe ngakhale nditawerengera zonse, ndipo ndi zomwe pa app zimasowasowa. Ndinalimba mtima n'kupita kwa bambo aja ndinkapikulako, sanandikalipire, anangoti amayi tinkayesa mwasamuka. Tagwirizana kuti ndiziwatumizira uthenga Lachitatu, mafuta ndi shuga azinditumizira Lachinayi mmawa, wonyamula ndizilipira ine. Za ngongole ejenti anandionetsa polembedwa, amawerengera kuyambira tsiku lolandira, koma ukachedwa amawonjezera chilango tsiku lililonse ndipo sungaodenso ngakhale ndi kashi mpaka utamaliza. Chimenecho ndi chomwe chandiopsa, ndiye pakadali pano sindinatenge. Mwina nyengo ya zikondwerero katundu akamathamanga ndidzatenga ya zakumwa zokha. Dzulo galimoto inabwera ndinatsegula makatoni onse dalaivala ali pomwepo, paketi imodzi ya matewera inali yong'ambika, anaichotsa pa invoisi pomwepo osakangana.

Sikelo
Mwaona? Kampeni kaja kagwira ntchito.

Tsogolo22
Zoti sungaode ndi kashi ukakhala ndi ngongole kwa ine sizili choncho, ndiye makampani amasiyana. Koma mwachita bwino kufunsa. Ya zakumwa ija mukadzatenga mudzaode masiku angapo chikondwerero chisanafike, nthawi imeneyo magalimoto amadzaza.

Gulu_la_Asanu
Mayi pa mzere wanu pali mashopu angati? Mukapeza awiri okha okhulupirika wonyamula wa Lachinayi uja muzigawana.

Mai_Pakona
Alipo atatu, mmodzi timagwirizana kwambiri. Ndimuuza madzulo ano tikamatseka.